Thonje m'Kompyuta ya Vitus

Kompyuta ya malemu Vitus inkazima yokha, ndipo sinkachenjeza. Munthu uli chimvetsere, Vitus akuimba m'masipika, kenaka sikirini bii, m'chipinda zii, kungotsala phokoso la maminibasi a pa Kamwendo akuitanira anthu a ku Lilongwe ndi a ku boda.

"Watopa," amayi ake a Vitus ankatero, uku akusisita bokosi la kompyutayo ngati msana wa mwana. "Msiye apume."

Mayamiko, mng'ono wake wa Vitus, ankangoyang'ana nkhope yake m'galasi lakudalo mpaka maso kuwawa.

Kachipindako Vitus ankachita lendi kuseri kwa golosale, chifukwa kunali magetsi. Ankataipira anthu makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, komanso kujambula makwaya a ku Guilleme ndi ku Ludzi n'kuwaikira nyimbo zawo pa masidi. Ndi ntchito imeneyi anatumiza Mayamiko ku koleji ku Lilongwe kukaphunzira za makompyuta zomwezo. "Ine ndimangodziwa kudina," ankatero. "Iwe ukaphunzire zam'mimba mwake." Atadwala, amayi awo, a Tabeth, anachoka ku esiteti ya fodya ku Mavwere, komwe anakalambira pa utenanti, kudzamudwazika. Anamwalira mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi. Mayamiko anafika mkulu wake atasambitsidwa kale. Koleji nayo inaikidwa m'manda tsiku lomwelo, ngakhale palibe amene anaiimbira nyimbo.

Vitus sanasiye mwana. Chithunzi chake chinali chimodzi, cha pa chiphaso, akuoneka ngati wakwiya ndi wojambula. Koma m'kompyutamo munali mawu ake. Tsiku lina amayi atabwera kudzamuona, matenda asanamugwetse, ankayesa maikolofoni yatsopano ndipo anaiwala kuizimitsa. Inajambula zonse. Ankayamba ndi "Wani, thuu, wani, thuu," n'kuseka yekha. Kenaka ankati, "Amayi, tanenani kanthu apa," amayiwo n'kukana chapatali kuti, "Ine ayi, mawu anga ngoipa." Ndiye ankatenga gitala n'kuimba tinyimbo take topeka yekha, tina topanda mathero.

Masana aliwonse amayi ankakhala pa mkeka n'kunena kuti, "Tamudzutse." Mayamiko ankayatsa. Amayiwo ankafuna kuti nthawi zonse aziyambira pa "wani, thuu."

"Tidumphe zomwe tamva kale, amayi, kuti timve zakutsogolo isanazime."

"Mkulu wako ukamuyambire pakati? Unaphunzira ulemu umenewo ku Lilongwe?"

Motero kwa miyezi iwiri anamva chiyambi chokhachokha. Nyimbo yachitatu ikafika pakati, kompyuta inkazima. Zomwe Vitus ananena kutsogoloko, palibe ankazidziwa. Mayamiko akanatha kudumpha mobisa amayi ali ku mjigo. Anaikapo dzanja pa mausi kangapo konse, n'kulichotsa. Bola zosamva: pokhala sanazimve, kunali ngati mkulu wake akadali ndi mawu ena oti adzanene.

Chomwe ankafuna chinali kukopera mawuwo pa sidi. Koma kulemba sidi kumaigwiritsa kompyuta ntchito yakalavulagaga, ndipo inkazima ntchito ili pakati, sidi n'kuonongeka. Masidi oonongekawo anawapatsa akabaza kuti azikongoletsera njinga. M'katoni ya Vitus munatsala imodzi yokha yabwino. Choopsa kuposa apo, hadi disiki, momwe mumakhala zonse, inali itayamba kugogoda poyatsa: ko, ko, ko, ngati munthu wamanyazi pakhomo. Mayamiko anali ataphunzira zokwanira kudziwa tanthauzo la kugogodako. Kuzima kwadzidzidzi kulikonse kunkaiwonjezera bala. Tsiku lina idzakana kudzuka, ndipo Vitus adzafa kachiwiri.

Vuto ankalidziwa. Poyatsa, akadina batani lina msangamsanga, pankabwera sikirini yabuluu yosonyeza kutentha kwa m'kati. Nambala yake inkayamba bwino, koma ukaiyang'anitsitsa inkakwera ngati madzi a Bua mvula ikagwa kumtunda. Makina akatentha mopitirira amadzizimitsa okha kuti asapse. Ndipo akaika khutu pabokosipo, fani yakumbuyo sinkamveka.

Koma bokosilo linali ndi malamulo ake. Linkakhala kunsi kwa tebulo, msana utagunda khoma, pomwe Vitus analisiya, ndipo silinkayenera kusunthidwa. Amayi analisokera chovala kuchokera ku chitenje cha kwaya yomwe Vitus ankaimbamo, chothina bwino, chongosiya kampata ka batani ndi ka sidi. Akaligwira n'kumva kuti latentha, ankapita kukatenga bulangeti la Vitus n'kulifunditsa.

"Amayi, mukuiwonjezera moto."

"Thupi likatentha timafunditsa, thukuta lituluke. Nonsenu ndinakulerani choncho."

Tsiku lina amayi atapita ku chigayo, Mayamiko anachotsa bulangeti ndi chovala chija. Asanalikoke n'komwe bokosilo, amayi anatulukira pakhomo, ataiwala kansalu kosefera. Anaima chiimire. Sanakalipe. Anangoti, "Wamuvula," n'kukhala pansi pakhomo pomwepo, za kuchigayo ataziiwala. Analira mpaka mayi wa golosale anabwera kudzafunsa ngati kwagwanso zovuta. Kuyambira tsikulo Mayamiko sanakhudzenso chitenjecho.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. Malata ankalira masana, ndipo zenera la kachipindako linkakhala lotseka chifukwa amayi ankadana ndi fumbi la mumsewu. Kompyuta inayamba kuzima nyimbo yachiwiri isanathe.

Loweruka lina kunabwera amalume ake, a Alufeyo, mlongo wawo wa amayi, pa njinga kuchokera ku Mavwere, atamanga kathumba ka mtedza pa kaliyala. Iwo ntchito yawo inali yosonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Anamvetsera nawo mpaka pomwe inazimira, n'kupukuta m'maso ndi chipewa.

"Ndiye a injiniya athu mukuti chavuta n'chiyani?"

"Ikutentha, amalume."

"Aa, basi? Nyowetsani chiguduli muiphimbe. Mowa wa masese timauziziritsa choncho."

"Imeneyi si mowa. Madzi akalowa ndiye tamaliza maliro."

"Nanga kuipititsa ku mtsinje m'mawa, ikapumeko kamphepo?"

"Mukanyamula ndi magetsi omwe pa kaliyala?"

A Alufeyo anaseka mpaka kukhosomola. "Alongo, mwana wanuyu sukulu inam'thera pakamwa." Amayi sanaseke.

Powaperekeza, Mayamiko anagwira chishalo cha njinga. "Amalume, temometa ija mumapachika m'balani ili kuti masiku ano?"

"Ili kwathu, m'chitini. Panopa tili ku nazale, mabalani akugona. Ukufuna uyeze mkulu wako?"

"Sikirini imandiuza kutentha poyatsa pokha. Ikayamba ntchito ndimakhala wakhungu. Ndikufuna ndiziona."

"Ndibwera nayo Lachiwiri. Koma mayi akowo, mphwanga, temometa yawo sindinaipeze chibadwire."

Lolemba masana amayi anati, "Tamudzutse." Mayamiko anadina batani. Ko, ko, ko. Sikirini inakhala yakuda. Anazimitsa, n'kudikira, n'kudinanso. Ko, ko, ko, ko. Thukuta linamutsika m'khosi. Kachitatu, patapita kanthawi kotalika ngati ulaliki wa pa maliro, zilembo zinayamba kuoneka. Iye anaizimitsa bwinobwino nthawi yomweyo.

"Bwanji? Sanayankhule n'komwe."

Mayamiko anatsika pampando n'kukhala pa mkeka, pafupi nawo, monga sanakhalirepo chibwerere.

"Amayi, kuchipatala kuja, achimwene akatentha thupi, anesi ankatani?"

Amayi anayang'ana kumbali.

"Ankamuchotsa bulangeti. Ankamupukuta ndi kansalu konyowa, n'kutsegula mawindo."

"Inu munkati chiyani?"

"Akatuluka ndinkamufunditsanso." Mawu awo anatsika. "Ankanjenjemera, Maya. Iwe kunalibe. Mano ankachita kugundana. Mwana wako akunjenjemera ungamuyang'ane ali pamtunda?"

Mawu akuti "iwe kunalibe" anamulowa Mayamiko ngati minga ya kankhande, koma sanawatsate.

"Bulangeti silinawaphe achimwene, amayi. Matenda aja sanali a bulangeti. Koma uyu," analoza kunsi kwa tebulo, "uyu bulangeti limupha. Satuluka thukuta. Amapuma ndi timabowo. Lero wadzuka kachitatu. Mawa kaya."

"Akapanda kudzuka, mawu aja?"

"Apita."

Amayi anayang'ana bokosilo nthawi yaitali. Kunja wina ankaitanira minibasi ya ku Mkanda.

"Alufeyo akabwera," anatero potsiriza. "Koma ndimuvula ndekha. Iwe manja ako ngaukali."

A Alufeyo anafika m'mamawa, dzuwa lisanakwiye, temometa ataikulunga m'sokosi. Inali yathabwa, yakuda ndi utsi wa zaka zambiri, kamzere kofiira kali pakati. Amayi anagwada. Anachotsa bulangeti n'kulipinda mosamala. Anamasula timfundo ta chitenje kamodzikamodzi, milomo ikuyenda ngati akupemphera kolona. Atatha anasendera kumbuyo.

Mayamiko anazula mawaya, n'kulikoka bokosilo pang'onopang'ono kubwera nalo poyera. Analitembenuza kuti aone kumbuyo.

Mabowo onse anali otsekedwa ndi thonje. Pa sefa ya fani, m'timipata tam'mbali, ngakhale m'timabowo ta mawaya osagwiritsidwa ntchito, monse munali thonje lokanikizidwa bwino ndi kamtengo, loyera kale koma tsopano lofiirira ndi fumbi.

Thonje lotere analiona komaliza mu Ogasiti, atavundukula nsalu kumaso kwa mkulu wake: m'mphuno, m'makutu. Tsiku lija anafuna kulizula, kuti munthuyo apume, koma azibambo anamugwira mapewa n'kumutulutsa panja. Tsopano anakhala pansi, bokosi lili pakati pa miyendo.

"Mphemvu," amayi anatero mofulumira, ngati mwana wogwidwa. "Titangochokera ku manda ndinaona mphemvu ikulowa kumbuyoko. Ndinati zimudyera mawu. Thonje lake ndi lomwe linatsala kuchipatala."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, a Alufeyo nthabwala inawakana.

"Ndinalakwa?" amayi anafunsa.

Mayamiko anapukusa mutu, maso ali pansi. "Mphemvu sizidya mawu, amayi. Koma munamusunga. Tiyeni timutsegule."

Amayi anamasula phini pa bulauzi yawo. Anayamba kutokosa thonjelo bowo ndi bowo, n'kumaliika pa chitenje chomwe anayala pamiyendo. Mayamiko ankazula lotsalira ndi zala. Lina linali litalowa m'kati n'kukola mapiko a fani, ndiye chifukwa chake inali duu. Anamasula zomangira ndi mpeni wa patebulo n'kuchotsa chitseko cham'mbali. M'katimo munali fumbi la Kamwendo yense, lounjikana ngati ubweya, ndi mphemvu imodzi youma.

"Imeneyo ndiye munaitsekera m'kati, alongo," a Alufeyo mawu anawabwerera. "Inafa ndi njala. Umboni woti mawu sadyeka."

Amayi anaseka pang'ono, kuseka kotuluka ndi misozi.

Anatulutsa bokosilo pakhonde. A Alufeyo anabweretsa pampu ya njinga, iwo n'kumapopa, Mayamiko akulozetsa kapaipi m'makona onse, chala china atagwira fani kuti isazungulire mopenga. Fumbi linatuluka ngati utsi mpaka onse atatu anayetsemula. Kenaka Mayamiko anamatula kapepala pakati pa fani n'kudonthezapo kadontho ka mafuta a makina osokera. Anaizunguza ndi chala. Inayenda.

Sanalibwezere kunsi kwa tebulo. Analikhazika pamwamba, pa njerwa ziwiri, kutali ndi khoma, m'mbali muli chitsegukire. Temometa anaipachika ndi ulusi m'katimo, pafupi ndi zitsulo zomwe zimatentha kwambiri, osakhudza kanthu. Atadina batani, panamveka ko kamodzi, kenaka kamphepo kofewa, fuu, kotuluka kumbuyo. Amayi anaikapo chikhatho.

"Akupuma," anatero.

Mayamiko anayang'ana nambala pa sikirini yabuluu ija. Inakwera pang'ono n'kuima. Anaiyang'ananso. Inali pomwepo. Anatulutsa sidi yotsiriza m'katoni, n'kuipukuta pa malaya ngakhale inali yoyera, n'kuilowetsa. Anasankha kuti ilembe pang'onopang'ono.

"Amalume, maso pa kamzere. Kakadutsa pomwe ndaika chikhadabo apa, mundiuze."

"Ntchito yanga imeneyo. Koma kwathu timasangalala kakamakwera."

Kamzere kobiriwira ka pa sikirini kanayamba kuyenda, kusonyeza pomwe ntchito yafika. Dzuwa nalo linali litafika pa malata. Patapita kanthawi a Alufeyo anakanda kukhosi.

"Kakukwera, mphwanga."

"Kafika?"

"Kakununkhiza."

Ntchito inali isanafike ndi pakati pomwe. Mayamiko anayang'ana uku ndi uku kufuna katoni yoti akupizire, koma amayi anali atadzuka kale. Anabwera ndi lichero. Anagwada pafupi ndi tebulo, n'kuligwira ndi manja awiri, n'kuyamba kukupiza m'mimba mwa kompyutamo, mwakachetechete, mofanana, ngati mmene ankakupizira Vitus ali khanda ku zigafa za fodya, iwo akusoka masamba.

"Kaima," a Alufeyo ananong'ona. Kenaka: "Katsikako pang'ono. Limbikirani, alongo. Mukatha apa ndikakulembetsani ku esiteti, muzikaziziritsa abwana."

"Tseka pakamwa, Alufeyo, ukutenthetsa m'nyumba."

Mikono inawalema koma anakana kulandiridwa. Thukuta linkadontha pachibwano. Mayamiko sankayang'ananso sikirini. Ankayang'ana mitsempha ya m'manja mwa amayi ake, n'kumadzifunsa kuti manja amenewa anakupiza masiku angati kuchipatala kuja, iye ali m'kalasi kujambula mapiko a fani m'kope.

Kabati ka sidi kanatseguka kokha. Mayamiko anaitenga m'mbali ndi nsonga za zala. Inali yofunda. Anathamanga nayo ku golosale, komwe kunali wailesi yoimba masidi, ndipo posakhalitsa "Wani, thuu, wani, thuu" anamveka pakati pa sopo ndi shuga, mayi wa golosale n'kugwira pakamwa. Anaizimitsa asanapitirire, n'kubwerera.

"Yatheka," anatero. Anaipereka kwa amayi. Iwo anaikulunga m'chitenje cha kwaya chija, pamodzi ndi thonje.

"Tsopano tamudzutse," anatero. "Kuyambira poyamba."

Anamva "wani, thuu." Anamva kuseka. Anamva amayi akukana kuti mawu awo ngoipa. Nyimbo yoyamba, yachiwiri. Yachitatu itafika pakati, onse atatu anagwira mpweya mosadziwa. Gitala anapitirira. Vitus anaimaliza nyimboyo, mathero ake anali osalongosoka, ndipo anadziseka yekha: "Aa, imeneyi ikufuna ntchito."

Kenaka panalibe nyimbo ina. Kunamveka gitala akutsamiritsidwa kukhoma. Mpando unalira. Vitus anamwa madzi, kumeza kwake kukumveka bwinobwino. Anakhosomola. Kwa kanthawi ndithu kunali phokoso la msewu lokha, ndi mausi ikudinidwa.

Mayamiko anali atayembekezera miyezi iwiri. Sankadziwa chomwe ankayembekezera, koma sichinali kumeza madzi. Anaweramitsa mutu.

"Fani iyinso yayamba kulira ngati njinga ya amalume," Vitus anatero mwadzidzidzi, chapansipansi, akudziyankhulira. Kunamveka kugogoda kwa chala pa chitsulo. "Maya akabwera pa holide adzaione. Amene uja ndiye dokotala wake."

A Alufeyo anayang'ana kudenga. Mayamiko anaphimba nkhope ndi manja onse awiri.

Mpando unaliranso. "Amayi, muno mukutentha. Tatsegulaniko zenera."

Ndipo chapatali mawu a amayi, amphamvu, a masiku omwe ana awo onse anali moyo: "Fumbi lilowa, iwe. Pirira."

"Chabwino," anatero Vitus. Kenaka, "Aa, ichi chikadali choyaka?" Thapu. Mawu anathera pomwepo.

M'chipindamo munatsala kulira kwa fani kokha. Kamzere kofiira kanali phee pamalo pake. Amayi anakhala chikhalire, lichero lili pamiyendo. Kenaka anagwira tebulo n'kudzuka. Chotsekera zenera chinali chitachita dzimbiri, ndipo analimbana nacho mpaka a Alufeyo anafuna kuwathandiza, koma anawakankha ndi chigongono. Chinagonja. Mphepo yotentha ya Okutobala inalowa ndi fumbi lake, ndi fungo la chipisi cha pa msewu, n'kugwedeza temometa pa ulusi wake.

Anaima pazenerapo, atafulatira onse.

"Maya," anatero osacheuka. "Bwezera pomwe akunena za zenera."

"Pakati, amayi?"

"Pomwepo."